Funsani Azamba: Mapiritsi obweretsa msambo ndi zimene sangachite

Funso: Zikomo Azamba. Ndili ndi zaka 27 ndipo ndakhala pabanja zaka ziwiri popanda mphatso. Kuyambira ndili kusukulu msambo wanga ndi wodumphadumpha, nthawi zina ndimatha miyezi inayi osapita kumwezi. Ziphuphu sizindithera kumaso, komanso pachibwano pamamera tindevu. Kuchipatala anandiyeza mkodzo, anandijambula sikani, n'kundiuza kuti mahomoni anga ndi osokonekera, matendawo ndi PCOS, vuto limene limalepheretsa dzira kutuluka mwezi ndi mwezi. Anandipatsa Provera wa 10 mg woti ndimwe masiku 10. Nditamaliza, patapita masiku anayi ndinasamba. Apongozi anasangalala, amvekere m'mimba mwatsukika, tsopano mwana abwera. Chiyambire pamenepo ndimangogula ndekha mapiritsiwa mwezi ndi mwezi. Kusamba ndikusamba, koma mimba ayi ndithu. Kodi mankhwalawa sakundiyanja, kapena ndiwonjezere? *Wodikira mphatso*

Yankho: Mwanangu, musawonjezere. Mapiritsiwo akugwira ntchito imene anawatuma, kungoti inu ndi apongozi mukuwadikirira pa ntchito ina imene sangaithe.

Tiyambe ndi mmene thupi limayendetsera mwezi. Masiku oyambirira, mathumba a mazira amatulutsa homoni yotchedwa estrogen, ndipo iyi imakulitsa khungu la mkati mwa chiberekero. Chapakati pa mwezi dzira limatuluka. Pamalo pamene lachokapo pamatsala kanthu kachikasu kotchedwa corpus luteum, ndipo ndi kameneka kamene kamapanga progesterone kwa masabata pafupifupi awiri. Progesterone amaletsa khungu lija kupitiriza kukula, n'kulikhwimitsa kuti likhale lokonzeka kulandira mimba. Mimba ikapanda kulowa, kanthu kachikasu kaja kamafota, progesterone amatsika mwadzidzidzi, khungu lija n'kuyoyoka. Kuyoyokako ndiye msambo.

Kwa inu, miyezi yambiri dzira silituluka. Dzira likapanda kutuluka, progesterone sapangidwa, ndipo estrogen amangotsala yekha kumakulitsa khungu lija mwezi ndi mwezi, ngati udzu wa nthawi ya dzinja wopanda woutchetcha. Mapeto ake ndi awiri: tsiku lina magazi amatuluka ambiri osafuna kuleka, kapena pakapita zaka khungulo limakhuthala mosayenera, ndipo kwa ena limasanduka khansa ya mkati mwa chiberekero. N'chifukwa chake adokotala sanafune kuti muzitha miyezi yoposa itatu osasamba. Provera, amene dzina lake lenileni ndi medroxyprogesterone acetate, ndi wa m'gulu la mankhwala otchedwa progestin, opangidwa kufakitale kuti azichita zimene progesterone amachita. Mukamwa masiku 10 n'kusiya, thupi limaona ngati progesterone watsika, ndipo pakati pa masiku atatu ndi asanu ndi awiri magazi amabwera. Chiberekero chatetezeka, zikomo kwambiri. Koma dzira lija likadali momwemo m'thumba. Magazi amene mukuonawo abwera chifukwa mwasiya piritsi, ndipo sakunena chilichonse za dzira.

Apongozi muwauze mwaulemu kuti m'mimba mwanu simunali uve. Mawu akuti kutsuka ndimawamva kawirikawiri kuchipinda choyezera, ndipo amandidandaulitsa chifukwa amachititsa amayi kutha chaka chathunthu akuwerengera masiku a mwezi wopanda dzira.

Kugula nokha mwezi ndi mwezi kuli ndi vuto linanso. Amayi a PCOS nthawi zina dzira limatuluka lokha mosayembekezera. Mukayamba mapiritsi lisanatuluke mukhoza kulitsekereza, ndipo mukayamba litakumana kale ndi umuna ndiye kuti mukumwa mankhwala muli ndi pathupi osadziwa. Aliyense womwa Provera kuti msambo ubwere ayambe wayezetsa mkodzo, ulendo uliwonse.

Bwererani kwa adokotala, ndipo mukanene mosapita m'mbali kuti chimene mukufuna ndi mimba, chifukwa mankhwala a wofuna mimba ndi ena. Alipo othandiza kuti dzira lituluke: letrozole ndiye amene malangizo a masiku ano amamuika patsogolo kwa amayi a PCOS, palinso clomiphene, ndipo ena amawonjezeredwa metformin, popeza PCOS imayenda limodzi ndi vuto la shuga. Mukayezetse shugayo. Ngati thupi ndi lalikulu, kutsitsako pang'ono chabe, makilogalamu 5 pa 100 alionse a kulemera kwanu, kumathandiza ena kuti dzira liyambe kutuluka lokha. Pofuna kudziwa ngati latulukadi, amayeza progesterone m'magazi kutatsala masiku 7 kuti msambo ufike. Ambiri amangoti tsiku la 21, koma limenelo limakhoza kwa okhawo a mwezi wa masiku 28.

Ndipo abambo apite nawo. Zaka ziwiri zakwana kuti umuna wawo uyezedwe, ngakhale vuto lanu likuoneka kale. Ndaonapo mabanja amene mayi wamwa mankhwala mpaka kutopa, pamene mbali inayo palibe anaiyang'anapo. PCOS imagwira pafupifupi mayi mmodzi pa 10 alionse a msinkhu wobereka, ndipo ambiri mwa iwo amabereka akalandira thandizo loyenera.

Funso: Azamba, ndine mayi wa ana anayi, zaka 46. Chaka chino msambo wanga wasintha. Umabwera nthawi imene wafuna, ndipo mwezi watha ndinataya magazi masiku 16, ena oundana. Ndinkasintha padi ola lililonse. Anandipatsa norethisterone wa 5 mg katatu patsiku ndipo tsiku lachiwiri magazi analeka. Nditaona kuti ndachira ndinasiya kumwa, koma patangopita masiku atatu anayambiranso mwamphamvu. Mnzanga akuti mankhwalawa amangotsekera magazi m'kati n'kudzawatulutsa onse pamodzi. Panopa ndikumva chizungulire. Nditani? *Mayi wotopa*

Yankho: Amayi, chizungulirecho ndiye chandiopsa kuposa zonse zimene mwalemba. Musadikire mawa. Pitani akakuyezeni kuchuluka kwa magazi m'thupi. Munthu wosintha padi ola lililonse kwa maola angapo, wochita chizungulire akaimirira, wothamanga mtima kapena wopuma mobanika, ndi wofunika kuonedwa tsiku lomwelo.

Mnzanuyo waona zoona koma wazitanthauzira molakwa. Palibe magazi amene anatsekeredwa. Norethisterone amagwira khungu la mkati mwa chiberekero kuti lisayoyoke nthawi yonse imene mukumwa. Mukasiya, pakapita masiku awiri kapena atatu limayoyoka. Zimenezi zimachitikira aliyense, ngakhale amene wamaliza bwinobwino masiku ake. Kusiyana kwake n'kwakuti womaliza amapatsa thupi mpata wopuma ndi wobwezera magazi, ndipo khungulo limakhala litakhwima, choncho limayoyoka mwadongosolo n'kutha. Inu munasiya lisanakhwime. Apa ndiikenso chala pa ife a chipatala: timapereka mapiritsiwa osanena kuti magazi akaleka musasiye, komanso kuti mukadzamaliza adzabweranso. Wodwala wosauzidwa alibe mlandu.

Pa msinkhu wanu dzira limayamba kutuluka mwa apo ndi apo, thupi likuyandikira kusiya kusamba, choncho progesterone amaperewera ndipo estrogen amatsala yekha. Zikhoza kukhala zimenezi basi. Koma sindingavomere kuti mayi wa zaka 46 wotaya magazi masiku 16 angouzidwa kuti ndi mahomoni n'kubwerera kunyumba. Akakuuzani kuti mahomoni asokonekera, funsani kuti ati, nanga adziwa bwanji. Zotupa za m'chiberekero zotchedwa mafayibuloidi zimataitsa magazi chimodzimodzi. Timinofu tomera m'kati mwa chiberekero nato timatero, chithokomiro chikafooka chimatero, mimba yopita padera imatero ngakhale pa zaka 46, ndipo khansa ya khomo la chiberekero ndi ya mkati mwa chiberekero nazo zimayamba choncho. Norethisterone amatha kuletsa magazi pa zambiri mwa zimenezi, ndipo kuopsa kwake n'komweko: chizindikiro chimabisika, matenda n'kumapitirira. Mupemphe kuyezedwa mimba, kuonedwa khomo la chiberekero ndi sikani. Kwa amayi opitirira zaka 45, madokotala ambiri amatapanso kachidutswa ka khungu la mkati kuti kakaunikidwe.

Zonse zikapezeka bwino, njira zilipo zingapo. Mapiritsi omwewa amatha kumwedwa kuyambira tsiku la 5 mpaka la 26 la mwezi kwa miyezi ingapo. Kumwa sabata imodzi yokha kumapeto a mwezi sikuchepetsa kwenikweni msambo wochuluka. Pali tranexamic acid, amene si homoni ndipo amamwedwa masiku a msambo okha. Koma ine mukandifunsa, kwa mayi amene wamaliza kubereka ndimakonda lupu yokhala ndi progestin wotchedwa levonorgestrel, monga Mirena. Imatulutsa mankhwala pang'onopang'ono m'chiberekero momwemo, ochepa okha ndi amene amafika m'magazi, ndipo imachepetsa msambo ndi pafupifupi 90 peresenti. Miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira imadonthetsa timagazi mosalongosoka, ndipo amene sanachenjezedwe amaichotsa itatsala pang'ono kuyamba kuwathandiza. Musaiphatikize ndi lupu ya kopa, imene imawonjezera msambo.

Za norethisterone pali china chimene ambiri sadziwa. Akalowa m'thupi, gawo lake lochepa limasanduka estrogen wa mtundu umene uli m'mapiritsi olera, ndipo pa mlingo wa katatu patsiku gawolo si lonyozeka. Choncho amene anadwalapo kuundana kwa magazi m'mitsempha, wosuta fodya, wonenepa kwambiri, kapena wodwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuthwanima m'maso, anene asanalandire, chifukwa medroxyprogesterone akhoza kumuyenera kuposa ameneyu. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena pachifuwa pakabaya mwadzidzidzi, siyani kumwa n'kuthamangira kuchipatala. Amene ali ndi khansa ya m'mawere kapena matenda aakulu a chiwindi sapatsidwa mankhwala a gululi. Munenenso mankhwala ena onse amene mukumwa: rifampicin wa TB, carbamazepine ndi phenytoin a khunyu, komanso efavirenz wa m'gulu la ma ARV, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya ma progestin akumwa mpaka kuchepa mphamvu. Kutupikana m'mimba, kuwawa mawere, ziphuphu ndi kukwiyakwiya zimachitika ndipo kwa ambiri zimapita. Mapiritsi owonjezera magazi musawaiwale, ndipo mupitirize miyezi itatu ngakhale mutamva kuti mphamvu zabwerera.

Funso: Ndine bambo. Akazi anga ali ndi pathupi pa masabata 7 ndipo akuona timagazi. Chaka chatha anapita padera. Ndawerenga kuti progesterone amagwira mimba. Alamu anga ali ndi Primolut N wotsala, ndipo akuti ndi yemweyo. Angayambe kumwa? *Bambo wankhawa*

Yankho: Ayi bambo, asamwe ngakhale limodzi. Primolut N ndi norethisterone, ndipo wapathupi sapatsidwa. Kapangidwe kake n'kofanana ndi homoni yachimuna, ndipo kale pamene ankapatsidwa kwa amayi apakati pa mlingo waukulu, ana ena aakazi ankabadwa ziwalo zawo zobisika zitasintha. Progesterone ndi norethisterone amatchulidwira pamodzi, koma sabwerekana ntchito.

Zimene mwawerengazo zili ndi pochokera. Mu 2019 munatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa PRISM, amene anachitikira ku United Kingdom pa amayi oposa 4,000 otaya timagazi mimba ili yaing'ono. Kwa amene sanapitepo padera, progesterone sanasinthe kanthu kwenikweni. Kwa amene anapitapo padera anathandiza, makamaka amene zinawachitikira katatu kapena kuposa. Potsatira zimenezi, mu 2021 bungwe la NICE la kumeneko linalangiza kuti mayi wotaya magazi amene anapitapo padera apatsidwe progesterone wofanana ndendende ndi wa m'thupi, 400 mg kawiri patsiku, woika kunjira ya abambo, mpaka masabata 16. Koma amayamba sikani itatsimikiza kuti mimba ili m'chiberekero. Timagazi pa masabata 7 tikhoza kutanthauza mimba yomera m'njira ya dzira, ndipo imeneyo ikaphulika imapha. Atengeni lero akajambulidwe. Ngati akumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, kuwawa paphewa kapena kufuna kukomoka, nyamukani pompano.

Ndikuuzeninso ichi kuti musadzadziimbe mlandu, kapena kuimba mlandu akazi anu: pafupifupi theka la mimba zopita padera miyezi itatu yoyambirira zimachoka chifukwa mwanayo sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi, ndipo palibe mankhwala amene akanazigwira.

Funso: Ndili ndi zaka 53 ndipo ndinasiya kusamba zaka ziwiri zapitazo. Kutentha thupi ndi thukuta la usiku zinkandisowetsa tulo, ndiye adokotala anandipatsa estrogen wopaka pakhungu ndi makapisozi a Utrogestan. Wopakayo wandithandiza, koma makapisoziwo amandigonetsa, komanso ndinamva kuti progesterone wopanga amayambitsa khansa ya m'mawere. Pa intaneti akugulitsa mafuta achilengedwe ochokera ku chilazi cha m'tchire. Ndingasinthe? *Agogo a awiri*

Yankho: Achemwali, ngati chiberekero muli nacho, makapisoziwo musawasiye pamene mukupitiriza estrogen. Cha m'ma 1975 madokotala anazindikira kuti amayi omwa estrogen yekha akudwala khansa ya mkati mwa chiberekero kuposa anzawo, ndipo kuyambira pamenepo estrogen amaperekedwa ndi mnzake womuletsa. Amene anachotsedwa chiberekero ndi okhawo amene safunika mnzakeyo.

Zimene munamvazo zinachokera ku kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative. Mu 2002 anaimitsa mbali imene amayi oposa 16,000 ankayesedwa, ena akumwa estrogen pamodzi ndi medroxyprogesterone, ena mapiritsi opanda mankhwala. Pa amayi 10,000 alionse omwa mankhwalawo, chaka chilichonse pankapezeka odwala khansa ya m'mawere 8 owonjezera. Chiopsezocho n'chenicheni ndipo chimakula zaka zakumwa zikamachuluka, koma n'chaching'ono kusiyana ndi mmene chinamvekera m'manyuzipepala. Amayi a m'kafukufukuyo analinso akuluakulu, ambiri opitirira zaka 60. Ndipo Utrogestan wanuyo si medroxyprogesterone. Ndi progesterone wofanana ndendende ndi amene thupi lanu linkapanga, woperedwa kwambiri kuti matumbo athe kumulandira. Kugonetsako ndi khalidwe lake lodziwika, n'chifukwa chake amamwedwa pokagona. Yesani kumwa usiku. Zikakanika, lupu ya levonorgestrel imatetezanso chiberekero mofanana.

Nkhani ya chilaziyo ndimaikonda, chifukwa ogulitsa mafutawo anatola theka lokha la mbiri yoona. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1940, katswiri wa ku America dzina lake Russell Marker anapeza njira yosandutsa diosgenin, chinthu chopezeka m'chilazi cha m'nkhalango za ku Mexico, kukhala progesterone, ndipo mu 1944 kampani ya Syntex inayamba ku Mexico City pa ntchito imeneyi. Vuto linali lakuti progesterone wa nthawiyo akamwedwa, chiwindi chinkamuphwanya asanagwire ntchito, choncho ankangobayidwa. Pa 15 October 1951, m'labotale ya kampani yomweyo, mnyamata wa zaka 26 Luis Miramontes, akugwira ntchito ndi Carl Djerassi ndi George Rosenkranz, anapanga norethisterone, amene amagwira ntchito ngakhale atamwedwa. Theka limene ogulitsa sanena ndi ili: kusandutsa diosgenin kukhala progesterone kumachitika m'labotale mokha. Thupi la munthu silingathe. Mafuta a chilazi mungapake botolo lonse, m'magazi mwanu simulowa progesterone. Ngakhale mafuta amene anathiramodi progesterone salowa mokwanira moti n'kuteteza chiberekero kwa munthu amene ali pa estrogen. Mukasintha, mudzakhala pa estrogen yekha mukuganiza kuti ndinu otetezeka.

Muzipita kukaonedwa chaka chilichonse, muziyezetsa mawere, ndipo magazi akayamba kutuluka mosayembekezera patapita miyezi isanu ndi umodzi chiyambire mankhwalawa, kapena akadzabwera mutasiya, mukanene msanga.

Funso: Ndinkabayitsa Depo zaka zitatu. Jakisoni womaliza ndinabayitsa miyezi 8 yapitayo koma mpaka lero sindinasambe. Anzanga akuti magazi aunjikana ndipo ndimwe Provera kuti atuluke. Kodi ndinawonongeka? *Mayi wa mwana mmodzi*

Yankho: Simunawonongeke, mwanangu. Depo-Provera ndi medroxyprogesterone wa 150 mg amene amasungunuka pang'onopang'ono mumnofu, ndipo ngakhale chitetezo chake timachiwerengera masabata 13, mankhwalawo amachedwa kutheratu m'thupi. Amayi ambiri amatenga mimba patapita miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena mpaka chaka ndi theka. Kutalika kwa zaka zimene munabayitsa sikuwonjezera kudikirako, ndipo jakisoniyu saumitsa munthu.

Magazi ounjikana palibe. Depo amapyapyalitsa khungu la mkati mwa chiberekero mpaka kusowa choyoyoka. Ndiye taonani zimene anzanu akukuuzani: Provera ndi mankhwala omwewo amene ali mu Depo, kungoti ndi akumwa. Mukhala mukuwonjezera chinthu chimene mukudikira kuti chithe, ndipo mwina magaziwo sabwera n'komwe popeza khungulo ndi lopyapyala.

Dziwani kuti dzira limatuluka msambo woyamba usanafike, choncho mukhoza kuima osaona magazi ngakhale kamodzi. Ngati mimba simukuifuna panopa, yambani njira ina lero. Ngati mukuifuna, yambani kumwa folic acid, vitamini wothandiza kuti mwana aumbike bwino, ndipo muziyezetsa mkodzo mwezi uliwonse. Chaka chikakwana kuchokera pa jakisoni womaliza musanasambe, kapena mukaona mkaka ukutuluka m'mawere musakuyamwitsa, pitani akayeze chithokomiro ndi homoni ya mkaka yotchedwa prolactin.